Galimoto Ziwiri za Che Mustapha

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa depoti ya Mangochi, pa bala ya Mayi Lizzie, Lachiwiri masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati pali amene analiputa. Patebulo panali amuna atatu. Macloud, yemwe ankadzitcha Jenerali ngakhale ku usilikali anamubweza pa geti chifukwa cha kufupika, anali ndi botolo limodzi. Lekani, chimunthu chachikulu chimene anzake ankachitcha Matiresi poti chinkagona paliponse, anali ndi awiri. Swadick, amene tauni yonse inkamudziwa kuti Sipanala, ankamwa Fanta, chifukwa mowa ndi haramu. Zoba galimoto ya munthu anali asanakafunse kwa shehe.

"Amangwetu," anatero Jenerali akugogoda tebulo, "umphawi uno ukutha Lachisanu. Tikukatenga galimoto ya Che Mustapha."

"Iti?" anafunsa Swadick.

Funsolo linali loyenera. Che Mustapha anakhala ku Joni zaka makumi awiri akuchita malonda, ndipo atabwerera anamanga chinyumba cha mpanda kwa Mponda. M'galaja mwawo munkagona galimoto ziwiri za mtundu uja wothamangitsana, zazitseko ziwiri. Ina inali yofiira, yakale, imene anagula ali mnyamata. Inayo inali yasiliva, yatsopano, yofika mwezi wathawo itanyamulidwa pa lole ngati mkwatibwi.

"Ukufunsa chiyani iwe? Yasiliva."

"Ayi, bigi. Titenge yofiira."

"Nkhalamba ija?"

Swadick anaika botolo pansi. Yofiirayo ankaidziwa. Nthawi imene ankagwira ntchito pa galaja ina ya pa boma, asanamuchotse chifukwa choyesa galimoto ya kasitomala mpaka kukafika nayo ku Malindi, anaisinthapo oyilo kawiri, ndipo kuyambira pamenepo ankailota.

"Nkhalamba imene mukunenayo ili ndi zaka makumi atatu koma sinakhosomolepo," anatero. "Giya wake ndi wapamanja. Kiyi wake ndi kiyi weniweni, wolowetsa n'kupotokola. Ukatsegula boneti, chilichonse chimakuyang'ana m'maso. Ikadwala, sipanala ya teni ndi kawaya basi, yachira. Ndipo ikalira, aise, mtima umachita myaa! Yasilivayo ndi foni yovala matayala."

"Wamaliza ulaliki?" anatero Jenerali. "Mtengo wa yasiliva ungagule zofiira khumi, n'kutsala ya boti ndi injini yake. Ndili ndi munthu wanga ku Mandimba, kutsidya kwa malire. Tikangowoloka mlatho, n'kukwera phiri, n'kudutsa pa Chiponde, dilu yatheka. Munthu ameneyo safuna zakumalo osungira zakale. Akufuna chinthu chothamanga makilomita mazana atatu pa ola."

"Mazana atatu pa msewu uti?"

"Matiresi, iwe ukuti bwanji?"

Lekani anagwedeza botolo lake lopanda kanthu. "Ili ndi wailesi ndi iti?"

Jenerali anakodola Mayi Lizzie kuti amubweretsere Lekani botolo lachitatu, ndipo chisankho chinatha pomwepo: awiri kwa mmodzi.

Swadick akanatha kudzuka n'kumapita. Koma panali nkhani ya Farida. Mwezi womwewo anapita ndi amalume ake kukafunsira mbeta kwa bambo ake a Farida, Che Hafiz, mkulu wogulitsa chambo mu msika, ndipo Che Hafiz anamuyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku nsapato n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ntchito yanu n'chiyani, achimwene?" Swadick anayankha kuti ali pakati pa ntchito ziwiri. Che Hafiz anati akafika pa yachiwiriyo adzabwerenso. Ndiye Swadick ankafuna galaja yakeyake, ya chikwangwani cholembedwa dzina lake, pamalo poti Che Hafiz azidutsapo m'mawa uliwonse. Anamaliza Fanta wake n'kugwedeza mutu.

Lachisanu masana, wazana atangomveka ndipo amuna a kwa Mponda atathamangira ku mizikiti, atatu aja anafika pa geti la Che Mustapha atavala maovolosi abuluu ogula pa kaunjika. Ya Jenerali inali yopinda miyendo katatu. Ya Lekani sinkatseka pamimba. Jenerali ananyamula fayilo yodzaza mapepala a mayeso akale a mwana wa mlongo wake.

Anawatsegulira a Sangwani, mlonda wachikulire wa ku Rumphi, Mkhristu, amene Lachisanu linkamupeza pa geti monga tsiku lina lililonse.

"Tachokera ku kampani, ku Blantyre," anatero Jenerali akutembenuza mapepala. "Sevisi yaulere ya galimoto yatsopano. Bwana akudziwa."

"Sanandiuze."

"Anthu olemera amaiwala, madala. Ife tikabwerera, ulendo wina adzalipira okha, ndipo adzafunsa kuti anatibweza ndani."

A Sangwani anaganizira ntchito yawo, n'kutsegula.

M'galaja munali mozizira. Ziwiri zija zinaima moyandikana. Yofiira inali yozilala pang'ono padenga, mpando wa dalaivala utachita dzenje la mwini wake. Swadick anaisisita podutsa. Yasiliva inali yonyezimira, yotambalala, yogwada pansi ngati buluzi pa mwala.

"Matiresi, tsegula boneti tiwone injini," analamula Jenerali mokweza, kuti a Sangwani amve kuti pafika akatswiri.

Atalimbana nayo kwa kanthawi, boneti inatseguka. Lekani anasuzumira. Munali kabowo koyalidwa kapeti, muli ambulera imodzi.

"Bigi!" anakuwa. "Atiyamba anzathu! Injini aba kale!"

"Inu a ku kampani simudziwa kuti injini yake ili kumbuyo?" anafunsa a Sangwani.

"Tikumuyesa mnyamatayu," anatero Jenerali. "Ndi watsopano. Walephera. Bweretsani kiyi, madala, tikaiyese pa msewu."

A Sangwani anatulutsa m'thumba kanthu kakuda konga sopo wotha. "Aka bwana anati kasachoke m'manja mwanga. Ndikulizirani ndine."

Anawerama, n'kulowetsa thupi m'galimoto, n'kumuuza Swadick kuti aponde buleki, n'kudina batani. Injini inabangula kumbuyo. Kenaka a Sangwani anabweza kanthu kaja m'thumba n'kupita kukakankha geti.

Apa ndi pamene panatulukira nkhani imene pa bala ija palibe anaiwerengera. Yofiira inali ndi timipando tiwiri kumbuyo. Yasiliva inali ndi mipando iwiri basi, ndipo akuba anali atatu.

"Matiresi atsale," ananong'ona Swadick.

"Nditsale ndi mlonda? Kuti andidye ndekha?"

Anagwirizana mwachangu. Lekani anadzipinda n'kudzaza mpando wonse, ndipo Jenerali, mtsogoleri wa gulu, anakhala pa miyendo pake atakumbatira fayilo.

"Amene adzanene izi kwa munthu," anatero, "ndidzathana naye."

Anatuluka. Atangodutsa geti, galimoto inayamba kulira kuti ti-ti-ti, ndipo kutsogolo kwa chiwongolero kunayaka mawu achizungu ofiira.

"Ikuti chiyani?" anafunsa Lekani.

"Ikutilonjera," anatero Jenerali. "Galimoto zodula zili ndi ulemu."

Swadick anawerengapo liwu limodzi lokha limene ankalidziwa bwino, loti kiyi. Asanalankhule, mbuzi inadumphira mu msewu. Mwendo wake wakumanzere, umene unaphunzira pa galimoto za giya wapamanja, unafunafuna kilatchi n'kupeza buleki. Galimoto inaima nji! Chipumi cha Jenerali chinakapereka moni ku galasi.

"Ukufuna kundipha?"

"Ilibe kilatchi, bigi! Yofiira ija ikanakhala..."

"Ukatchulanso nkhalamba ija ndikutsitsa!"

Pa tara yowongoka, Swadick anangokhudza mafuta pang'ono, ndipo chinthucho chinatumphuka mpaka misana yawo inamatirira. Kunena zoona, mtima wake unavomera kuti ichi n'chilombo. Mitengo ya mango inkangoti psiti, psiti. Koma chisangalalocho chinatha ndi pamene panathera tara yabwino. Kutsogolo kunali maenje, akabaza, ngolo ya ng'ombe, ndi minibasi yoima pakati pa msewu kudikira mayi amene anali asanamalize kutsanzikana ndi abale ake. Galimoto ya mazana atatu pa ola inalowa m'tauni ya Mangochi ikutsatira njinga yonyamula matumba a makala.

Pafupi ndi msika, patsogolo penipeni pa mzikiti, panali hampu. Sinali ya boma. Anaimanga anthu a pamalopo galimoto itagunda nkhuku za wina, ndipo anaimanga ndi mkwiyo. Swadick anaiwona n'kuchepetsa liwiro.

"Apa sitidutsa. Mimba ya galimotoyi ili pansi kwambiri."

"Ponda mafuta! Ndi ndalama zonse zija ingalephere kachulu aka?"

Swadick anaponda. Matayala akutsogolo anakwera n'kutsika. Kenaka kunamveka kuti khwee! ndipo yasiliva inakhala pa hampu ndi mimba. Matayala akumbuyo ankangozungulira m'mwamba.

Jenerali anayesa kutembenuka kuti awone kumbuyo, Lekani anasuntha mwendo kuti amupatse malo, ndipo bondo lake linadina batani lija. Injini inazima. Swadick anadina. Anadinanso. Mawu ofiira aja anayakanso, ndipo liwu loti kiyi linali pomwepo.

"Kiyi ali m'thumba la mlonda," anatero Swadick motsitsa.

"Ndiye lumikiza mawaya! Si ndiwe Sipanala?"

"Mawaya ake ati? Onetseni waya mmodzi muno!"

Nthawi yomweyo swala inatha, ndipo zitseko za mzikiti zinatseguka.

Anthu a ku Mangochi sadutsa munthu ali pa vuto, makamaka akangochoka kopemphera. Posakhalitsa galimoto inali pakati pa mikanjo yoyera ndi zipewa. Akabaza anaimika njinga. Ena anagwada kusuzumira pansi, ena ankapereka malangizo, wina anathamangira matabwa. Swadick anali atatsitsa galasi pang'ono, mpata wa zala zitatu, injini isanazime, ndipo pa mpata umenewo panafika nkhope imene sankafuna kuiwona pa dziko lonse lapansi.

"Asalamu aleikumu. Kodi si Swadick uyu?"

"Waleikumu salamu, Che Hafiz."

Che Hafiz anayang'ana ovolosi, n'kuyang'ana chiwongolero chachikopa. "Iyi si galimoto ya Che Mustapha?"

"Ndi yomweyo, bambo," analowerera Jenerali ali pa miyendo pa Lekani. "Ndife a ku kampani. Uyu ndiye mkulu wa amakaniko athu chigawo chonse cha kum'mwera."

Nkhope ya Che Hafiz inawala. "Masha Allah! Ndiye osanena bwanji, mwana iwe? N'chifukwa chake sindinakuwone pa swala, unali pa ntchito." Anatembenukira khamu lija. "Tiyeni, tiyeni, gwirani! Ameneyu ndi mkamwini wanga!"

Liwu limenelo Swadick analidikira mwezi wathunthu. Linamufika ngati madzi otentha pamsana.

"Tikangotsika apa, titsegule zitseko tithawe," ananong'ona.

"Tithawe tisiye chuma? Atikankha, ilira."

"Iyi siilira mokankha, bigi. Yokankha ndi ija munaikana."

Amuna khumi ndi awiri anagwira, Che Hafiz akuwerenga, ndipo galimoto inanyamuka n'kutera kutsidya kwa hampu. Anthu anawomba m'manja. Pakati pa kuwomba m'manjako, zitseko zonse ziwiri zinati kwatcha! Swadick anakoka chogwirira. Lekani anakoka chake. Palibe chinatseguka.

Patapita mphindi zingapo, kuchokera njira ya kwa Mponda kunamveka kulira kumene Swadick akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo. Yofiira inatulukira, fumbi lili m'mbuyo, n'kulumpha hampu ija ngati palibe kanthu, n'kuima kutsogolo kwawo. Munatuluka Mayi Hidaya, mkazi wa Che Mustapha, mpango uli bwinobwino kumutu, foni ili m'manja. Iwo anali m'chipinda akuswali pamene anamva injini ikutuluka, ndipo atamaliza, foni inawawonetsa pamene galimoto yaima. Anaikiya ndi foni yomweyo ali pakhonde la kwawo.

Anawerama pa mpata wa galasi uja.

"Ndinu a ku kampani?"

"Eya, mayi," anatero Jenerali.

"Kampani yake dzina lake ndani?"

Jenerali anatsegula fayilo kufuna thandizo. Pepala lapamwamba linali la masamu a Sitandade 6, lolembedwa ndi inki yofiira kuti mwanayo alimbikire.

Che Mustapha anatulukira m'khamumo, nsapato zili m'manja, poti anali mumzikiti momwemo. Anagwada, n'kusuzumira pansi pa galimoto yawo, n'kubuula ngati awapweteka iwowo.

"Ndinakuuzani, bambo," anatero Mayi Hidaya. "Imeneyi ndi ya misewu ya ku Joni. Mwezi wathunthu yangoyenda kawiri, ndipo kachiwiriko ndi aka."

Anthu atamva kuti anyamula akuba ndi manja awo, phokoso linasintha. Achinyamata ena anayamba kufunafuna miyala, koma Che Mustapha anatambasula manja kutchinga. "Galasi limodzi la galimoto iyi ndi nyumba! Aliyense asaponye kanthu!" Ndiye akuba atatu anapulumuka chifukwa cha mtengo wa yasiliva, ndipo Jenerali anapeza mphamvu yonong'ona kuti, "Waona? Ikanakhala nkhalamba yako bwenzi atatiphwanya."

Che Hafiz anabwereranso pa galasi. Sanakalipe.

"Ndakutchula mkamwini pamaso pa mzikiti wonse," anatero. "Msana wanga uno ndanyamulira wakuba."

"Pepani, bambo."

"Pepani wakoyo ukamuuze Farida. Ine ndikupita kukagona."

Mayi Hidaya anati sawatsegulira pamenepo, chifukwa athawa kapena aphedwa. Msodzi wina anabwereketsa chingwe cha boti. Anamanga yasiliva kumbuyo kwa yofiira, ndipo mayiwo anabweranso pa galasi.

"Iwe dalaivala, giya ali pati?"

"Pofulii, mayi. Ndinaika anthu akukankha."

"Chabwino. Ugwire chiwongolero bwino. Ukagunditsa, mlandu ukhala uwiri."

Motero Swadick anadziyendetsa yekha kupita ku polisi. Yofiira inali kutsogolo, ikukoka mopanda kudandaula, Che Mustapha atakhala pambali pa mkazi wawo akuyang'ana m'mbuyo. Yasiliva inkatsatira pa liwiro la maliro. Mbali zonse kunali akabaza akuliza mabelu, amayi a mu msika akululutira, ndi mafoni ambirimbiri akujambula Jenerali ali pa miyendo pa Matiresi. Jenerali anadziphimba ndi fayilo. Swadick analibe chodziphimbira, manja onse anali pa chiwongolero chouma ngati mtengo. Thukuta linkamulowa m'maso. Komabe khutu lake linkamva mmene Mayi Hidaya ankasinthira giya, bwinobwino, osakukuta ngakhale kamodzi, ndipo zinamupweteka kuposa kululutira kuja.

Pa polisi anawalandira Sajenti Keti, mayi wamtali wosaseka.

"Atsegulireni," anatero.

Mayi Hidaya anatulutsa foni, n'kudina, n'kuigwedeza. Inali itazima. Batire linatha panjira.

"Nanga kiyi?"

Kiyi anali ndi a Sangwani. Ndipo a Sangwani, atazindikira zimene anachita, anali atakwera kabaza kuthamangira akuba aja, kulowera njira ya ku Monkey Bay.

Tchaja inapezeka, koma magetsi anali atazima. Galimoto inaima pabwalo, pa dzuwa la 2 koloko. M'kati munayamba kununkha chikopa chotentha ndi Matiresi. Wapolisi wina anawathirira madzi pa mpata wa galasi uja ndi kapu, ambiri n'kutayikira pa Swadick. Sajenti Keti anakoka mpando, n'kukhala pamthunzi wa khonde, n'kuyamba kulemba sitetimenti mofuula.

"Mtsogoleri wanu ndani?"

Jenerali anabisa nkhope kuseri kwa fayilo.

"Ndi amene ali pamwambayu, bwana," anatero Lekani.

"Mukuvomera kuti munaba galimotoyi?"

"Tikuvomera!" anakuwa onse atatu.

"Simukufuna kuganiza kaye?"

"Bwana, chonde," anatero Swadick atamatiza kamwa pa mpata uja, "timangeni. Tikupempha. Muli ndi selo, tiikenimo."

"Ndikumangani bwanji muli m'nyumba ya eni?"

Wina anati aswe galasi. Che Mustapha anati aswe kaye iwowo. M'malo mwake apolisi anakoka galimotoyo n'kuiika pansi pa mtengo wa mango, ndipo anthu anakhala pansi kudikira, ena akugula mandasi.

A Sangwani anafika 3 koloko itadutsa, ali mbuu ndi fumbi, wakabaza wawo akupuma ngati ng'ombe. Anatulutsa kanthu kakuda kaja n'kudina.

Zitseko zinati kwatcha! Apolisi awiri anakonzeka kuthamangitsa. Akuba atatu anagwera panja, n'kudzuka, n'kuliyatsa liwiro, koma osati kulowera ku geti. Anadutsa Sajenti Keti, n'kukwera masitepe, n'kulowa mu polisi. Pamene sajentiyo ankafika ndi makiyi, anawapeza ataima pa mzere pa chitseko cha selo, Jenerali ali patsogolo.

M'katimo anagona chagada pa simenti yozizira, akungopuma. Panja yofiira inalira, n'kumka nichepa mawu mpaka kuzimiririka. Swadick anatseka maso, akuganiza mawu amene adzayambire kwa Farida, osawapeza.

Patapita nthawi Lekani anadziwongola.

"Komabe, amangwetu, tisaname," anatero. "Mpando wa yasiliva ija ndi wofewa."

Jenerali anatembenukira ku khoma.

"Ine sindinaukhudze n'komwe."